Mapaipi a Amalume a Lasitoni

Loweruka lapitali chatha chaka chimwalirireni amalume anga a Lasitoni. Tinakumana kunyumba kwa mkazi wawo ku Wigston, anthu osakwana khumi. Tinaimba nyimbo ziwiri, abusa anapemphera, kenako aliyense anayamba kusuzumira pa foni kuona kuti shifiti yake ikuyamba nthawi yanji. Pa mawu onse amene ananenedwa tsikulo, palibe amene anatchula ntchito ya manja awo. Wina anati anali munthu wofatsa, zomwe si zoona. Wina anati ankakonda tchalitchi, zomwe ndi zoona pang'ono chabe. Ndiye ndati ndilembe ine, Esinati, mwana wa mchemwali wawo, amene ndinakangana nawo kuposa wina aliyense.

Amalume ankapanga ekizozi, mapaipi otulutsa utsi a njinga zamoto. Sindikunena njinga za kabaza zija za kwathu, koma zothamanga, zimene wokwera amachita kugonera thanki, mawondo atapinda. Ankazipanga pamanja m'galaja ya mzungu wina dzina lake Dereki, kuseri kwa mafakitale akale a ku South Wigston. Eni njinga ankachokera ku Nottingham, ku Derby, ena kutali kuposa apo, kudzachotsa ekizozi ya kufakitale kuti awaikire ya amalume. Koma amalumewo sanakwerepo njinga yamoto chibadwire. Analibe ngakhale laisensi ya galimoto. Kuntchito ankapita pa basi, atanyamula buledi ndi tiyi m'kachikwama, ndipo mukawafunsa chifukwa chake ankati wosula makasu sakakamizidwa kukhala ndi munda, n'kusintha nkhani.

Anabwera kudziko la azungu kuno atadutsa kale zaka makumi anayi, kutsatira mkazi wawo, amene ife timawatchula azakhali, atapeza ntchito ya unamwino. Ku Limbe anali wowotcherera wodziwika. Kuno mapepala awo sanawerengedwe kanthu, moti zaka ziwiri zoyambirira ankakolopa m'nyumba yosungira okalamba. Tsiku lina mwendo wa ngolo yonyamulira zakudya unathyoka. M'malo moitaya, anaukulunga mwendowo m'nyuzi n'kulowa m'galaja ya Dereki kukapempha makina owotcherera kwa mphindi zochepa. Dereki anawabwereka monyinyirika. Ataona msoko wake, anautembenuza kawiri, n'kuwafunsa ngati angabwere Lolemba.

Chimene chinawatchukitsa ndi kupinda paipi ndi mchenga. Ankadzaza mchenga wouma m'paipi, kutseka mbali zonse, kuiotcha mpaka ifiire, kenako n'kuikoka pang'onopang'ono ndi thupi lonse, akupuma ngati munthu wonyamula katundu pachitunda. Mchengawo unkaletsa paipi kufinyika popinda, ndipo inkatuluka yokhota bwino ngati khosi la mbalame, yopanda khwinya. Mchenga ukakhala ndi chinyezi, paipi imatha kuphulika, choncho ankauumitsa okha mu uvuni wa azakhali. Nkhondo ya m'nyumba imeneyo sinathe. Azakhali ankabwera kuchokera ku shifiti n'kupeza thireyi yawo ya nkhuku yadzaza mchenga, ndipo amalume ankangoti auchotsa ukapsa.

Kuyenda nawo pamsewu kunali kovuta. Njinga ikadutsa ankaima pomwepo, mawu ali pakamwa, mutu utapendekera mbali imodzi. Ankadziwa ndi khutu kuti injiniyo ili ndi masilinda angati, kuti paipi yake ndi ya kufakitale kapena ayi, ndiponso ngati pali pamene pakutuluka mpweya. Kangapo ndinawaona akumwetulira okha pa Welford Road, n'kunena kuti imeneyo ndi yawo. Ankakonda kunena kuti njinga yothamanga imadziwika ndi kumbuyo kwake, chifukwa anthu ambiri amaiona itadutsa kale. N'chifukwa chake ankakonda kwambiri mapaipi okwera m'mwamba n'kukatulukira pansi pa mpando, awiri ang'onoang'ono ngati mphuno. Njinga yotere kumbuyo inkaoneka yopyapyala, tayala lili poyera, popanda cholendewera m'mbali.

Sanali munthu wophweka. Anakangana ndi Dereki pafupifupi sabata iliyonse. Anabwezapo makasitomala chifukwa choti njinga zawo zinali zakuda ndi matope. Kutchalitchi anakana kukonza geti ponena kuti amene analiwotcherera koyamba ayenera kubwera kudzaona manyazi ake. Anyamata obadwira kuno akawayankha m'Chingerezi, iwo ankapitiriza m'Chichewa ngati sanamve, mpaka anawo atatopa.

Zinthu zinayamba kusintha malamulo a utsi atakhwima, cha m'ma 2017. Njinga zatsopano zinkabwera ndi kachipangizo kosefa utsi m'kati mwa ekizozi, kokhala ndi timabowo tambirimbiri. Amalume ankakatchula chisa, poti kankaoneka ngati chisa cha njuchi. Chisacho chimagwira ntchito chikatentha kwambiri, ndiye opanga njinga ankachiika pafupi ndi injini, m'bokosi lachitsulo lopachikidwa kumimba kwa njinga. Phokoso nalo analiikira malire, ndipo sayilensa inakula n'kusanduka chinthu chonenepa cholendewera m'mbali, chimene amalume ankachitcha chigubu. Mapaipi a pansi pa mpando anayamba kusowa. Njinga zina zimene ankazidziwa ngati ana awo zinasiya kugulitsidwa kumene. Choipa kwambiri kwa iwo chinali chakuti njinga zatsopanozi zinali ndi timawaya tonunkhiza utsi. Ukachotsa ekizozi ya kufakitale n'kuika yopanga pamanja, kanyale kankayaka kutsogolo kwa wokwera, injini n'kuyamba kudodoma.

Ine ndimagwira ntchito m'wodi ya odwala chifuwa. Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, tili patebulo kwa azakhali, amalume anayamba kudandaula za chigubu monga mwa masiku onse. Ndinali nditatopa. Sabata imeneyo tinali titagoneka ana atatu a ku Highfields, onse obanika, nyumba zawo zili m'mphepete mwa msewu.

“Amalume, inu mukulira maonekedwe a paipi,” ndinatero. “Ine ndimaona mwana akukoka mpweya ndi mapewa. Mudzabwere kuwodi mudzaone zimene utsi umachita.”

“Utsi wa njinga ndi wochuluka bwanji, iwe? Werenga mabasi. Werenga malole.”

“Aliyense amanena choncho. Wa basi amaloza lole, wa lole amaloza fakitale.”

“Ndiye ukuti ine ndi amene ndikupha ana?”

“Sindinatero. Ndati lamulolo silinalakwe.”

Anaika supuni pansi. Azakhali anandiponda phazi, koma ndinapitiriza. Ndinawauza kuti kukongola kwa njinga sikungafanane ndi mapapo a munthu, ndiponso kuti ngati luso lawo silingakhale popanda kuipitsa mpweya, ndiye kuti nthawi yake yatha. Mawu omalizawa ndimawamvabe mmene anatulukira. Amalume anadzuka, anasamba m'manja, n'kupita kukakhala kuseri kwa nyumba.

Miyezi inayi sanandiyankhule. Ndinkamva kwa azakhali kuti akumafika kunyumba mochedwa, kuti Loweruka lomwe akumapita kugalaja, ndiponso kuti uvuni wadzazanso mchenga. Kenako tsiku lina m'mwezi wa Malichi anandifonera.

“Esinati, uli ofu Loweruka? Ndikufuna galimoto yako. Pali chinthu choti unyamule, ndipo ndikufuna uone ndi maso ako.”

Ndinawapeza pakhomo la galaja atanyamula chinthu chokulungidwa m'bulangete. Atafunyulula, ndinaona ekizozi yathunthu. Mapaipi anayi ankachoka kutsogolo, kulukana ngati zala, kusanduka awiri, n'kukwera m'mwamba. Misoko yake inali ya mtundu wa golide ndi wobiriwira, yofanana ngati yolembedwa ndi cholembera. Ine sindidziwa za njinga, koma ndinaigwira ndi manja awiri. Anandionetsa pamene panali potupa pang'ono, chakumapeto kwa paipi iliyonse.

“Chisa chako chili umu,” anatero. “Sindinachichotse. Ndachigawa pawiri n'kuchibisa pansi pa mpando. Bokosi palibe, chigubu palibe, utsi ukusefedwa. Unati sizingatheke.”

“Sindinati sizingatheke, amalume.”

“Unati nthawi yanga yatha. N'chimodzimodzi.”

Njinga yoyesera inali ya a Tembo, bambo wa ku Zambia woyendetsa basi, amene anali atagula njinga yatsopano koma ankadana ndi chigubu chake. Tinakumana nawo kumalo ena kumpoto kwa mzinda, kumene njinga amaiimika pa zigudumu zozungulira n'kuithamangitsa ili pamodzimodzi, kachubu koyezera utsi katalowetsedwa m'paipi. Sikunali kuyeza kwa boma. Dereki anali atanena kuti ikapambana apa, ayesa kuitumiza kukapempha chilolezo chenicheni.

Woyeza anayamba ndi ekizozi ya kufakitale, nalemba zimene makina anaonetsa. Kenako amalume anagwada, anamasula bokosi ndi chigubu, namanga yawo. Zinawatengera ola lathunthu ndipo sanalole munthu kuwathandiza. Anadikira injini izizire. Atatha, njingayo inasintha. Inaoneka ngati yavula jasi. A Tembo anaizungulira katatu.

“Ba mudala, iyi ndiye njinga manje,” anatero m'kayankhulidwe ka kwawo. “Iyi ndiye nenze kufuna.”

Itayaka, mawu ake anali akuya, osaboola m'khutu, ngati munthu wamkulu akuyankhula chapansipansi m'chipinda china. Amalume anatseka maso. Sindinawaonepo ndi nkhope yotero, kale kapena pambuyo pake. Kanyale ka kutsogolo sikanayake. Ananditembenukira n'kukweza nsidze.

Woyeza uja ankayang'ana pa kompyuta yake. Kenako anaitana amalume. Anawaonetsa mizere iwiri. M'mphindi zoyambirira, injini isanatenthe, utsi wa paipi ya amalume unali woipa kuposa wa kufakitale, ndipo osati pang'ono. Chisa chinali kutali ndi injini, chinkachedwa kutentha, ndipo nthawi yonseyo utsi unkangodutsa osasefedwa. Anafotokoza mwaulemu kuti oyeza a boma amayambira pomwepo, injini ili yozizira.

“Chikatentha chigwira,” amalume anatero. “Pitirizani.”

Anapitiriza. Chisa chinatenthadi, mzere unatsika, ndipo amalume anayamba kugwedeza mutu movomereza. Kenako tinamva fungo. Ndine ndinayamba kulimva, fungo la pulasitiki yopsa. Pansi pa mpando panayamba kutuluka kautsi koyera, ndipo chivundikiro cha kumbuyo chinayamba kufewa n'kutupa matuza. Woyeza anazimitsa injini msanga. Chitsulo chinayamba kulira chikuzizira.

Amalume anayandikira, naika dzanja pafupi ndi mpando osaukhudza. Anakhala choncho nthawi yaitali. Anali ataika zotchinga kutentha, zigawo ziwiri, koma sizinakwanire. Chisa chikakhala pafupi ndi injini, malo ake ndi bokosi lija. Chikapita kumbuyo, chimachedwa kutentha, ndipo chikatentha chimawotcha wokwera. Iwo anaona zimenezi msanga kuposa tonsefe.

A Tembo sanakwiye za pulasitiki yawo. Anagwira amalume paphewa.

“Ba mudala, osavutika. Chosani chabe chisa ichi, paipi ikhale yeka. Anzanga onse anachosa. Kanyale kaja kali na wokazimya ku Coventry. Nani azaziba?”

Dereki, amene anatipeza komweko, naye anali ndi nzeru yake. Anati angadinde mawu pa paipiyo oti si ya pamsewu, n'kumaigulitsa kwa othamanga m'mabwalo a mipikisano okha. Zimenezi n'zololedwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti theka la ogula akanakaikwera pamsewu pomwepo.

Amalume anayang'ana a Tembo, anayang'ana Dereki, kenako anayang'ana ine. Ndinayang'ana pansi.

“A Tembo,” anatero, “kuchotsa chisa ndi ntchito ya mphindi khumi, aliyense wa sowo angakuchitireni. Musandipatse ine.”

Anadikira paipi izizire, anagwadanso, anaimasula, nabwezera bokosi ndi chigubu ndi manja awo omwewo. Anamanga bawuti iliyonse bwinobwino, napukuta pamene zala zawo zinadetsa. Anapepesa a Tembo chifukwa cha chivundikiro chija. Pobwerera anakhala mpando wakumbuyo, bulangete lili pamiyendo. Tinadutsa pakati pa mzinda. Tili pa Saffron Lane ndi pamene anatsegula pakamwa.

“Unanena zoona, Esinati.”

Ndinafuna kuwauza kuti sindinkafuna kuti mawu anga aja akhale oona, kuti ayesenso, kuti mwina pali njira ina. Koma iwo ankadziwa chitsulo ndipo ine ndinkadziwa mapapo, ndipo tonse tinkadziwa kuti njira panalibe. Ndinangoti pepani. Anati palibe chopepesa.

Lolemba lake, Dereki anawapeza akudula paipi ija ndi sowo, tizidutswa totalika ngati chikhatho, n'kumaponya m'dilamu ya zitsulo zotaya. Anayesa kuwaletsa. Amalume anamuuza kuti akaisiya yathunthu, tsiku lina wina adzaichotsa chisa n'kuikwera, ndipo anthu adzati ndi ya Lasitoni.

Sanapindenso paipi ya njinga yatsopano. Kwa kanthawi ankakonza za njinga zakale, koma nazo zinkachepa chaka ndi chaka. Dereki, kuti galaja isatsekedwe, anayamba kuitanitsa masayilensa opangidwa kale kunja, okhala ndi chidindo cha chilolezo, ongomangirira kumapeto kwa bokosi. Ntchito ya amalume inasanduka kutsegula makatoni, kumanga mabawuti atatu, ndi kupinda makatoniwo. Dereki sanawachotse ntchito, ndipo pa ichi ndimamulemekeza. Koma munthu amene ankabweza makasitomala chifukwa cha matope tsopano ankalandira njinga iliyonse osaiyang'ana n'komwe. Anasiya kukangana. Azakhali anandiuza kuti anayamba kulakalaka kupezanso mchenga mu uvuni. Pamsewu njinga ikadutsa ankapitiriza kuyenda, ndipo tsiku lina nditawafunsa kuti imeneyo ndi yamtundu wanji, anati zonse zikulira mofanana masiku ano.

Chifuwa chinali chitawayamba kale, zaka zambiri m'mbuyomo. Kakutsokomola kouma, kafupikafupi, kamene tonse tinakazolowera ngati mbali ya mayankhulidwe awo. Ku Limbe anawotcherera zaka makumi awiri popanda chotchinga kumphuno, ndipo kunonso ankachivula ponena kuti chikuwalepheretsa kuona msoko. Ine, namwino wa chifuwa, ndinakhala nawo patebulo Lamlungu lililonse, ndikuwalalikira za mapapo a ana a eni, osamva chifuwa chimene chinali pafupi nane. Pamene azakhali anawakakamiza kupita kwa dokotala, n'kuti mapapo atauma kale mbali yaikulu.

Anagonekedwa m'wodi yoyandikana ndi yanga. Ndinkapita kukawaona pa nthawi yopuma. Tsiku lina masana ndinawapeza akusisita chitsulo cha m'mbali mwa bedi ndi chala chachikulu, kachubu ka mpweya kali m'mphuno.

“Wawona msoko uwu?” anatero. “Wa makina. Ulibe cholakwa chilichonse.”

Sindinadziwe ngati akuyamikira kapena akudandaula. Ndinakhala pampando n'kuwauza zimene zinkandivuta, kuti ndinayenera kumva chifuwa chawo kalekale, kuti ndi ntchito yanga. Anapukusa mutu. Kuyankhula kunkawatopetsa, ndiye ankadula mawu pakati.

“Ukanandiuza, ndikanakumvera? Usadzinamize. Utsi umenewo ndinkaukonda. Ukamva fungo lake, umadziwa kuti chitsulo chagwirana.”

Anapuma kanthawi, kenako anandifunsa za ana aja a ku Highfields, ngati anachira. Ndinati awiri sindinawaonenso, koma mmodzi amabwerabe nyengo yozizira iliyonse. Anafunsa ngati mpweya wa mumzinda wasintha chiyambireni malamulo aja. Ndikanatha kuwanamiza, koma sanali munthu womunamiza. Ndinati sindikudziwa, wodi imadzazabe. Anayang'ana kudenga.

“Ndiye tingoyembekeza kuti zithandiza ena,” anatero.

Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, m'mawa, azakhali ali pambali pawo. Thupi tinalitumiza kwathu. A Tembo anabwera kumapemphero a maliro pa njinga yawo ija, ndipo aliyense anaimva ikubwera kuchokera patali, chifukwa anali atapeza wina wowachotsera chisa. Anaizimitsa pakona n'kuikankha ndi manja mpaka pakhomo.

Titabalalika kwa azakhali Loweruka lapitali, sindinapite kunyumba. Ndinakhotera ku South Wigston. Dereki anatseka galaja miyezi ingapo yapitayo, ndipo tsopano amagulitsa masayilensa ake pa intaneti ali kunyumba kwake ku Oadby. Malowo sanapeze wolowamo. Chitseko chachikulu n'chokhoma, koma zenera la m'mbali lili ndi galasi losweka, ndipo ndinasuzumira.

M'kati ndi mokulirapo kuposa mmene ndinkaganizira. Asesa bwino. Kukona ya kumanzere, kumene amalume ankagwirira ntchito, pansi pali mabowo anayi pamene panali miyendo ya tebulo lawo lachitsulo. Patsogolo pa mabowowo simenti inadyeka n'kupanga kadzenje kosaya, kokwana mapazi awiri a munthu woimirira. Khoma la pamenepo ndi lakuda kuyambira m'chiuno mpaka pamwamba pa mutu, ndipo wina anayesa kulipaka penti yoyera, koma kuda kwake kukuonekerabe. Pali msomali umodzi wopanda chopachikapo. Denga likudontha, ndipo madzi a mvula apeza kadzenje kaja n'kudzazamo.